Pulagi Imene Munandituma

Amayi, kumene mwapitako mukudzuka bwanji?

Kuno tikudzuka ndithu, ngakhale Juni wa chaka chino wabwera ndi chisanu cholowa m'mafupa. M'mawa ndikafika kusukulu ndimapeza ana anga a Sitandade 3 atabisa manja m'khwapa, ndiye ndimayamba ndawatulutsa panja kuti aothere kadzuwa tisanatsegule mabuku. Bulangete lanu lofiirira lija ndinampatsa mlongo wanga Esinati. Poyamba anakana, akuti likumvekabe fungo la mafuta anu odzola, koma tsopano ndi lomwe akufunda.

Mtedza tinakumba wonse. Munda wa kumunsi kwa chulu unabereka bwino monga munanenera, koma wa kumtunda unachuluka makoko opanda kanthu chifukwa mvula inadula msanga. Amayi a kumpingo anabwera masiku awiri kudzatithandiza kuthothola. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, akuimba nyimbo zanu zija, ndipo kampando kanu kachikopa kanakhala pakati pawo tsiku lonse popanda wokhalapo. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri. Mmodzi sanachedwe, anafa tsiku lachitatu, koma winayo ndi wosamva ngati make, walowa kale kawiri m'dimba la a Banda. Akazi awo a Banda nawo anachira, kwabadwa mwana wamwamuna wa tsitsi lambiri. Buku lija tinkawerenga masana ndinalisiya pa tsamba lomwe tinalekeza. Ndinayesa kulipitiriza ndekha, koma ndinazolowera kuwerenga mokweza inu mukusenda nyemba n'kumatsutsa anthu a m'nkhanimo, ndiye kuwerenga chamumtima kukundivuta.

Koma si za mtedza kapena mbuzi zimene ndakhalira pansi kulemba. Ndi za njinga yamoto ija.

Esinati masiku ake ayandikira, Amayi. Kusikelo anamuuza kuti mwana wagona bwino, koma iyeyo magazi ndi ochepa, ndiye matenda akayamba asachedwe panjira ngakhale pang'ono. Alamu akadali ku esiteti ku Mkanda, akumanga mabelo a fodya, ndipo sangachoke malonda asanathe. Ndiye wamwamuna pakhomo pano ndatsala ndine, ndipo choyendera chathu ndi njinga imodzi yomweyo. Koma chichokereni inu mu Malichi sindinaikhudze. Ndinaikankhira m'khumbi, n'kuiphimba ndi masaka, mpaka nkhuku yakuda ija inayamba kuikira mazira pansi pake.

Mukudziwa chifukwa chake, koma ndilembe ndithu, poti pamaso panu sindinanenepo.

Tikuchokera kutchalitchi Lamulungu lija, inu mutakhala kumbuyo kwanga cham'mbali, munandigwira phewa titafika pa chitunda cha pa mlatho. Munati, "Iwe, njinga yakoyi ikutsokomola ngati nkhalamba ya chingambwe. Pulagi imeneyo." Ine ndinati ndikaipala ndi sandipepa tikafika. Munati, "Wapala kangati? Pulagi si mphika woti uzingokwecha chaka ndi chaka. Chikatha chatha, ukagule ina." Inu zimenezi munkazidziwa kuposa ine. Zaka zonse zija bambo akukonza mapampu ndi mathirakitala ku esiteti, ndinu munkawagwirira zitsulo, ndipo khutu lanu linkamva injini yodwala isanafike n'pakhomo pomwe.

Loweruka ndinapitadi ku Kamwendo ndi cholinga chimenecho. Koma pafupi ndi siteji ya maminibasi panali munthu atayala mabuku akale pa chiguduli. Ndinanjuta pamenepo, kutsegula ili, kutsegula ilo, mpaka dzuwa linapendeka. Za pulagi ndinakumbukira nditawoloka kale mlatho pobwerera. Mutandifunsa ndinati ndaiwala, ndipita Loweruka linalo. Simunakalipe. Munangoseka n'kuti, "Mwana wa mabuku iwe. Tatiye, tiwerengere zimene wagulazo."

Loweruka linalo silinakupezeni.

Linali Lachinayi m'mawa, mvula itagwa usiku wake. Munkasesa pabwalo, kenako tsache linakugwani m'manja, n'kukhala pansi mutagwira mutu. Esinati anakuvekani nsalu ina msangamsanga, tinagwirizana kuti mukhale pakati, iye akugwireni kumbuyo. Ine ndinatulutsa njinga. Ndinaponda kiki, zii. Ndinatsegula choko, kuponda, kuponda, mpaka thukuta kulowa m'maso. Ndinaikankha kutsetsereka kwa ku chitsime, inangoti phu phu n'kukhala chete. Akabaza onse a m'mudzi muno anali atanyamuka kale ndi anthu a kumsika. Inu munali mutatsamira chipupa, pakamwa patayamba kupotoka, ndipo munandiyang'ana n'kunena movutikira kuti, "Usadzitopetse, mwanawe. Yakana." Amenewo ndi mawu omaliza amene ndinawamva bwinobwino kuchokera kwa inu. Tinakutengani pa ngolo ya a Banda, ng'ombe zikuterereka m'matope, ndipo tinafika kuchipatala dzuwa lili pamutu. Mawa lake munatisiya.

Pamaliro anthu anandilimbitsa mtima mmene akanathera. Amalume anati nthawi yanu inali itakwana, ndipo nthawi ikakwana ngakhale chitsulo chimadziwa. Ena anati njingayo inakana chifukwa sinafune kunyamula mwini khomo ulendo wosabwerera. Ine ndaphunzira, Amayi, ndimaphunzitsa ana kuti chilichonse chili ndi chochititsa chake. Komabe mawu amenewo ndinawagwiritsitsa. Ndinkadziwa kuti pulagi ija ikangokhala mu injini osatulutsidwa, ndingathe kumakhulupirira kuti mwina inali nthawi, mwina anali madzi a mvula, mwina china chake. Kuitulutsa kunali kufunsa funso limene yankho lake sindinkalifuna.

Amene anandidzutsa ndi Esinati. Masabata awiri apitawo anandipeza ndikuchonga makope pakhonde, anaima patsogolo panga atagwira msana.

"Achimwene, mazira a pansi pa njinga aja tiwasiye aswe, kapena?"

Ndinati ndiona.

"Muona liti? Mwanayu sadziwa kuti kuno kuli maliro. Akafuna kubwera abwera basi. Kapena mukufuna inenso ndikakwere ngolo ya a Banda?"

Atanena zimenezo anagwira pakamwa. Kenako analowa m'nyumba. Sanabwerenso kudzapepesa, ndipo anachita bwino, poti panalibe choti apepese.

M'mawa mwake ndinachotsa masaka aja, mazira ndinasamutsira m'dengu. Ndinatsegula bokosi la zitsulo za bambo n'kupeza sipanala ya pulagi, ija yonga kapaipi. Ndinazula kachipewa ka waya, ndinapukuta ndi kuuzira fumbi lonse lozungulira monga ankachitira bambo, kuti kamchenga kasagwere mu injini. Pulagi inalimba pang'ono, kenako inamasuka, ndipo ndinaimaliza ndi zala.

Amayi, inali yakuda bii, yonyowa, yonunkha. Kansonga kapakati, kamene kamayenera kukhala kosongoka bwino m'mbali, kanali katatha n'kukhala kobulungira ngati njere ya mapira. Kangowe kopindika kamene kamakhala pamwamba pake kanali katapyapyala ndi kupala kwanga kuja, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizi unali utakula moti kamtengo ka machesi kanalowa osakhudza. Ndinaibwezera m'kachipewa kake, ndinaigoneka pa chitsulo cha injini, n'kuponda kiki kuti ndione moto. Kasanu konse kopanda kanthu. Kachisanu ndi chimodzi kanatuluka kamoto kachikasu, kofooka, ngati ka chiphaniphani.

Sinali nthawi, Amayi. Inali pulagi imene munandituma.

Sindikunena kuti njinga ikanayaka bwenzi muli moyo. Adokotala anati mtsempha wa m'mutu ukaphulika, nthawi zina ngakhale wofika msanga sapulumuka. Anati nthawi zina. Mawu awiri amenewa ndawatembenuza mbali zonse miyezi itatu, ndipo sakundiuza kuti inu munali mbali iti. Chimene ndikudziwa n'chakuti munakhala motsamira chipupa mukundiyang'ana ndikulimbana ndi chinthu chimene munandiuza kale kuti chatha. Ndinakhala pansi m'khumbimo nthawi yaitali, kachitsuloko kali m'manja. N'kakang'ono zedi, sikaposa chala changa chapakati.

Loweruka ndinaikulunga m'pepala n'kupalasa njinga yakapalasa yobwereka kupita ku Kamwendo. Wa mabuku uja analipo, pamalo omwe aja. Anandikodola, ine ndinangomukwezera dzanja n'kudutsa.

Ndipo taonani, ndikanalakwitsanso kachiwiri. Pa benchi yoyamba ya zida za njinga ndinapeza bambo wina wolankhula mokoma, ali ndi mapulagi odzaza mbale. Sanayang'ane n'komwe yanga yakale ija. Anati, "Zonse n'chimodzimodzi izi, aphunzitsi. Tengani iyi, yangolowa kumene kuchokera kutsidya, moto wake ngati mphezi." Inali yonyezimira, ndipo ine ndinkafuna kuchoka pamsikapo msanga. Ndinagula.

Mwayi wake, pobwerera ndinadzera pa mtengo wa mkuyu paja pamene a Mbewe amakonzera njinga. Mukuwakumbuka a Mbewe, amene ankagwira ntchito ndi bambo ku esiteti, aja ankabwera kudzadya maungu kwathu? Akalamba, magalasi awo amamanga ndi waya, koma manja akadali omwe aja. Ndinawapempha kuti angondionera mpata wa pulagi yatsopanoyo. Anati ndiwapatse zonse ziwiri, n'kuziimika pa thabwa moyandikana.

"Mwana wa Filipo, maso uli nawo? Kapena amangoona zilembo za m'mabuku?"

Ndipamene ndinaona. Kumunsi kwa pulagi, kokhala ndi timizere topotera kumene kumalowa mu injini, yatsopanoyo kunali kotalika kuposa yakale ndi pafupifupi chikhadabo chathunthu.

"Iyi ukanaimanga, ikanakagunda pisitoni m'katimo. Kuponda kamodzi, injini yonse kwatha, n'kubwera kuno utanyamula pa ngolo." Anaipukuta ndi chala chachikulu, zilembo zake n'kufufutika. Anaitembenuza, kawashala kake n'kugwa pansi. "Ndiponso ndi yabodza. Yeniyeni zilembo sizichoka, washala sagwa yekha." Anaiponya m'chitini cha zitsulo zakutha osandifunsa.

Kenako anatenga yakale ija, anaiyang'anitsitsa, n'kuinunkhiza.

"Umathira mafuta a m'mabotolo?"

Ndinavomera. Miyezi ija mafuta atasowa pa mapampu, tonse tinkagula a m'mbali mwa msewu, osafunsa kuti achokera kuti.

"Muli parafini umu. Anthu amasakaniza kuti achuluke. Ndiye iwe mwaye ukadzaza, m'malo mosintha, unkangopala. Bambo ako akanakuthamangitsa ndi sipanala mpaka kumalire."

Ndinaseka, Amayi, koyamba chichokereni inu.

Anandikhazika pa tayala n'kundiphunzitsa ngati mwana wa Sitandade 1. Anandionetsa namba yolembedwa pa mbali yoyera ija yonga mbale yadothi, anati pogula ndizitenga namba yomweyo, osati yofanana nayo, chifukwa mapulagi ena amasunga kutentha, ena amakutaya msanga, ndipo injini iliyonse ili ndi yake. Anati pulagi imanena yokha za m'mimba mwa injini. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, ndiye kuti petulo akuchuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Ikakhala yonona ndi oilo, vuto lili m'kati, pulagi yatsopano singathandize. Ikayera mbuu ngati phulusa, injini ikutentha mopitirira. Yabwino imakhala yofiirira ngati khungu la mtedza wokazinga. Ndinaganiza kuti inu mukanakhalapo mukanawamaliziratu mawu onsewo asanawatulutse.

Anasiya ntchito yawo n'kundiperekeza okha ku sitolo ina ya kuseri kwa msika. Anasankha ziwiri za namba yomweyo, anayeza mpata wake ndi timalata tawo topyapyala, ndipo imodzi anaikulunga m'chidutswa cha chubu n'kumanga ndi mphira. Anati imeneyo izikhala pansi pa chishalo pamodzi ndi sipanala, osati m'nyumba. Za tsiku lija sindinawauze. Koma pondipatsa kaphukusiko anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene amagwirira munthu wongotsanzikana naye, n'kuti, "Mayi ako ankamva injini kuposa ine." Basi, anabwerera ku mkuyu wawo.

Ndinagula petulo wa pa pampu m'kachigubu. Kunyumba ndinakhuthula yense wakale amene anagona m'thanki miyezi itatu, ndi wa m'kabuleta yemwe. Sefa ya mpweya ndinaitsuka n'kuiyanika pa udzu. Pulagi ndinailowetsa ndi zala zokha, pang'onopang'ono, monga anandiuzira a Mbewe, kuti ngati yalowa mopingasa ndimve isanawononge timizere ta injini. Itakhala pansi ndinaikoka ndi sipanala theka la kuzungulira, osapitirira. Ndinabwezera kachipewa mpaka kanati tha.

Kuponda koyamba, zii. Kachiwiri inatsokomola. Kachitatu inayaka, utsi n'kudzaza khumbi lonse, nkhuku n'kubalalika pabwalo.

Esinati anatuluka ali ndi ufa m'manja. Sanasekerere. Anati, "Zimitsani." Ndinazimitsa. "Lizaninso." Ndinaliza. Anandichititsa zimenezi kasanu, ataima pakhomo ngati woyang'anira mayeso, kenako anati, "Chabwino," n'kubwerera kukhitchini. Ndinamumva akufwenthera kumeneko, koma sindinamutsatire. Tonse awiri taphunzira kulirira kosiyana, aliyense kuopa kuyambitsa mnzake.

Sabata yonse yathayi, m'mawa uliwonse chisanu chili pachimake, ndisanapite kusukulu, ndakhala ndikuitulutsa n'kuiliza. Sinakanepo. Lachisanu, nditayenda nayo masiku angapo, ndinadikira injini izizire n'kutulutsa pulagi kuti ndione. Inali yofiirira bwino, youma.

Komabe mtima wanga sunakhazikike. Njinga ikhoza kuyaka masiku makumi awiri, n'kudzakana la makumi awiri ndi limodzi chifukwa cha china chimene sindikuchidziwa. Ndiye ndinamuuza Esinati kuti tisadikire matenda kunyumba, apite kuchidikiro akakhale pafupi ndi anamwino. Anakana tsiku limodzi, akuti ine ndidya chiyani, akuti mtedza sunasendedwe. Koma chenicheni anachinena madzulo ake. Anati kuchidikiro aliyense amapita ndi mayi ake. Ndinaimbira foni mng'ono wanu, amayi aang'ono a kwa Zulu, ndipo sanandilole n'komwe kumaliza. Anati, "Ukundipempha chiyani? Ameneyo ndi mwana wanga."

Dzulo ndinamupititsa. Amayi aang'ono anatsogola pa kabaza ndi mapoto, nkhuni ndi beseni. Esinati anakhala cham'mbali kumbuyo kwanga, dzanja lina pa phewa langa, lina pamimba. Ndinayenda pang'onopang'ono, kuzemba dzenje lililonse, mpaka anandiseka kuti anthu oyenda pansi atipitirira. Ngakhale ndi kuyenda kotereko, Amayi, ola silinakwane tili pa geti la chipatala. Msewu womwe uja umene ng'ombe za a Banda zinauyenda m'mawa wonse. Titatsika Esinati anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti nayenso wawerenga nthawiyo.

Ndinawasiya atayala mphasa pakati pa amayi ena oyembekezera, amayi aang'ono atayamba kale kukangana ndi wina za malo a mafuwa. Akamalankhula chakumbali amafanana nanu kwambiri, moti ndinachoka msanga.

Pobwerera njinga inapepuka. Ndinkamva kumbuyo kukudumphadumpha m'mabampu popanda woikhazika pansi. Nditafika pa nkhalango ya kumanda ndinaima m'mbali mwa msewu. Kulowa sindikanalowa ndekha popanda akuluakulu, mukudziwa, ndiye ndinangoima pamene mitengo imayambira, kuyang'ana cha kumene tinakugonekani. Ndinazimitsa injini kuti kukhale bata. Kunalibe munthu, koma mphepo m'masamba ndi njiwa imodzi patali. Ndinafuna kukuuzani zonsezi ndi pakamwa, koma mawu sanatuluke, n'chifukwa chake ndalemba.

Pofuna kunyamuka ndinachita mantha. Ndinaika phazi pa kiki n'kukhala kaye, osaponda. Kenako ndinaponda.

Inayaka kamodzi n'kamodzi, Amayi. Pomwepo, inu muli pafupi chonchi. Ndinakhala pa chishalo, injini ikuyenda bwinobwino pansi panga popanda kutsokomola ngakhale pang'ono, misozi ikutsikira m'chisoti, ndipo panalibe wondigwira phewa kuti tiyeni.

Nyumba tsopano ndatsala ndekha. Ndaphika tiyi wa anthu awiri m'mawa uno mosazindikira, winayo ali pano wazizira. Foni ndaitchaja, ili m'thumba la malaya, ndipo njinga ndaiimika pakhonde, yoyang'ana kumsewu, thanki yodzaza.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo pepani. Tsiku limene adzandiitane, kaya ndili m'kalasi kaya kumunda, Esinati sadzandidikira. Chimenechi chokha ndikulonjeza.

Ndine mwana wanu,
Yosefe